Impso Idikire Ukwati

"Alamu, ndikufunsani kachitatu tsopano. Achipatala anaimba foni kapena sanaimbe?"

Alamu, amuna awo a achemwali anga, sanadzutse nkhope. Anali pampando wawo wapakona, magalasi atatsikira pamphuno, akulemba mayina a anthu pa makadi a ukwati wa mwana wawo. Anauzira inki kuti iume, khadilo n'kuliika pamwamba pa anzake.

"Mlamu, pakhomo pano ntchito yachuluka. Ngati mwabwera kudzathandiza, zochapa zili kuseri."

"Ndikuchokera kuchipatala ine. Ndakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka kalaliki wa madokotala wanditsegulira buku. Anakuimbirani masabata awiri apitawo kuti achemwali akagonekedwe, akawachotse impso ya chotupa ija. Inu munayankha kuti odwala akupezako bwino, ndipo banja lagwirizana kuti adzabwera ukwati ukatha. Banja lake liti lomwe linagwirizanalo?"

"Mutu wa banja lino ndine."

"Ndiye chotupacho chili m'mutumo?"

Apa anavula magalasi. Alamu angawa anthu amawatchula kuti a Komiti, chifukwa palibe komiti yomwe ilibe dzina lawo: ya sukulu, ya mpingo, ya mjigo, ngakhale ya mpira womwe sanaumenyepo chibadwire. Eniake amayesa ndi ulemu. Akakwiya sakweza mawu, amayankhula ngati akutsegulira msonkhano.

"Pakamwa panupo ndi pamene panakuthetserani banja, mlamu."

"Langa linatha ine ndili moyo. La achemwali mukufuna lithere kumanda."

"Tamverani. Kwatsala masabata anayi okha. Akuluakulu onse ndawaitana. Mukufuna mayi wa mkwatibwi akhale ali gone m'chipatala, mapaipi ali lendelende, anthu azifunsana kuti akudwala chiyani? Mawu akuti khansa akangofika kwa asebele athu, makolo a mkwati, zonse zathera pomwepo. Lija ndi banja lolemekezeka. Adzati tikuwalowetsera matenda mumtundu. Inu simungazimvetse izi, ndipo si zanu. Nyumba ya mwini saotchera mbewa."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Eni mimbawo munawafunsa?"

Makina osokera omwe ankalira kuchipinda anasiya. Tonse tinamva kuti asiya. Patapita kanthawi achemwali anatulukira pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi, dzanja lina litagwira m'nthiti kumanzere. Diresi lomwe linkawathina chaka chatha linali ngati lobwereka.

"Bambo, anaimba?"

"Sindinafune kukudetsani nkhawa, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotupa chakhala m'menemo kaya zaka zingati osatiuza. Mwezi umodzi wokha chingalephere kudikira?"

"Foni yanu ikalira ndimaimitsa makina," achemwali anatero motsitsa mawu. "Tsiku lililonse. Ndimati mwina ndi iwo."

Anatembenuka n'kubwerera kuchipinda. Alamu anavalanso magalasi n'kutenga khadi lina.

Ndinawatsatira. M'chipinda chosokeramo munalibe popondapo. Diresi la mkwatibwi linali lopachikidwa pamsomali litakutidwa ndi pulasitiki, manja asanalumikizidwe. Pabedi panali mulu wa nsalu zobiriwira za operekeza, pansi nsalu zina za amayi a kwaya. Zonsezi alamu anakalonjeza ku komiti kuti "mayi asoka, musavutike." Kulonjeza ndi manja a eni n'kosavuta.

"Achemwali, dokotala anati chiyani tsiku lija? Ndinalipo ine. Bwerezani ndimve."

"Usandivute, mng'ono wanga."

"Anati chotupa chili pa impso ya kumanzere, kukula kwake ngati lalanje. Anati chidakali m'kati, ndipo akachotsa impso yonseyo msanga mwayi ulipo waukulu. Munthu amakalamba ndi impso imodzi. Koma anati msanga. Sanati ukwati ukatha."

"Ndinamva."

"Nanga?"

Anayesa kulowetsa ulusi pasingano. Anaphonya kawiri.

"Mwanayu ndi woyamba. Zikasokonekera chifukwa cha ine, ndidzamuyang'ana bwanji? Bambo ake aganiza. Banja n'kupirira."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, achemwali."

"Kachape, iwe. Dzuwa likupita."

Ndinapita kukachapa. Ntchito yanga ndi yomweyo. Ndimachapa ndi kusita pa nyumba yogona alendo ya m'mbali mwa msewu, ndipo nsalu yogonera imandiuza zomwe mwini wake sanganene. Nsalu za achemwali zinali zonyowa ndi thukuta lozizira. Kuseri kwa bafa ndinapeza kachitini komwe amagwiritsa ntchito akalephera kufika kuchimbudzi. Anali atakavindikira ndi mbale. Mkodzo wake unali wofiira ngati madzi otsukira nyama, m'katimo muli timibulu ta magazi oundana.

Sabata yotsatira kunafika mlongo wa alamu, amene ana amawatchula kuti azakhali. Anabwera ndi masutikesi awiri ndi liwu lofika kumsewu. Tsiku loyamba lomwelo anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Ndamva kuti mukufalitsa nkhani."

"Sindinauze munthu."

"Musadzayerekeze. Matenda amenewa satchulidwa pakhomo pomwe pali mtsikana wokwatiwa. Komanso munthu wamkazi kukodza magazi, anthu samva za impso ayi. Amamva zina. Kodi mukufuna dzina la achimwene lidetsedwe?"

"Zina zake ziti? Tatchulani."

"Ndinu wamkulu, mukudziwa. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Komanso madokotala a masiku ano amangothamangira mpeni. Ine ndawabweretsera alamu anga tiyi wa masamba wosungunula zotupa. Mnzanga wina chinamuthera m'masiku asanu."

"Mnzanuyo ali kuti?"

"Anamwalira, koma ndi zina."

Ndinaseka. Sindinafune, koma ndinaseka mpaka misozi. Kuyambira tsiku limenelo azakhali ankandipatsa moni ndi mphuno.

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi: mkwatibwi. Mwanayu ndinamubereka kumsana kuyambira ali wakhanda. Anaphunzira, amagwira ntchito mu ofesi, amadziwa kuwerenga pepala la dokotala. Ndinkati akangomva, ukwati ausuntha yekha.

Loweruka anabwera kudzayesa diresi. Anaima pampando pakati pa chipinda, manja atatambasula, achemwali atagwada pansi ndi mapini kukamwa akupinda m'munsi. Pofuna kudzuka analephera. Anagwira mwendo wa mpando, nkhope itatuwa, n'kunena kuti akufuna kukamwa madzi. Anatuluka akutsamira khoma.

Ndinatseka chitseko.

"Iwe, wawaona amako?"

"Atopa, mayi aang'ono. Ntchito yawachulukira."

"Sikutopa kumeneko. Amako ali ndi khansa ya impso. Achipatala anawapatsa tsiku la opaleshoni, bambo ako n'kulikana chifukwa cha ukwati wakowu."

Ndinkadikira kuti akuwe, kapena agwe pampandopo. Iye anangoyang'ana pagalasi n'kukonza phewa la diresi.

"Ndikudziwa."

"Wati?"

"Adadi anandiuza tsiku lomwe anaimba. Anati adokotala avomera kuti palibe changozi. Ndi masabata ochepa chabe, mayi aang'ono. Ukangotha ukwati ndidzawaperekeza ndekha. Ndalonjeza."

"Dokotala wake uti anavomera? Unawaimbira iweyo? Foni uli nayo m'manjamo, tsiku lonse umaitosatosa."

"Inu simukudziwa mavuto omwe ndadutsamo kuti zifike apa. Holo tinaipeza movutikira. Achibale a mwamuna wanga ena akuchokera kutali, anapempha kale tchuthi kuntchito. Ndikawauza chiyani? Komanso apongozi anga akamva kuti kwathu kuli khansa..."

"Holo ilipo ina chaka chamawa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

"Musandilankhulire ngati sindiwakonda amayi!" Misozi inayamba, koma anaweramutsa mutu kuti isadonthere pa diresi. Ndinaona zimenezo ndi maso anga. "Aliyense akungofuna kundiwonongera. Tsiku limodzi lokha pamoyo wanga."

Chitseko chinatseguka. Sindikudziwa kuti achemwali anaima panjapo nthawi yaitali bwanji. Analowa, anagwadanso, anatola mapini.

"Imirira bwino," anatero. "Mbali iyi yatsika."

Masiku anayenda. Alamu ankatuluka m'mawa ndi chikwama cha mapepala kupita kumisonkhano ya komiti ya ukwati, komiti yaing'ono ya zakudya, komiti yaing'ono ya mipando. Pobwera ankaima pakhomo la chipinda chosokera n'kufunsa kuti, "Za kwaya zatha?" Sanafunsepo za kachitini kaja. Sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti kalipo. Achemwali mwendo unasiya kupirira kupalasa makina, ndiye ine ndikaweruka kuntchito ndinkakhala pansi n'kumapalasa ndi manja, iwo akuwongolera nsalu. Chakudya chinkabwerera momwe chapitira. Masana ankazizidwa, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo.

Lachiwiri lina, kutatsala masabata awiri, ndinawapeza atagona pansi pakati pa nsalu, atadzipinda ngati mwana. Azakhali anali pabwalo akuyesa nyimbo ndi amayi a kwaya.

"Mng'ono wanga," anatero osatsegula maso, "mkodzo wakana kutuluka kuyambira m'mawa. Kenako kwatuluka chimbulu ngati chala. Ndiperekeze."

Sindinafunse kawiri. Tinatulukira khomo la kuseri, tinadutsa m'munda wa aneba n'kukakwera minibasi. Bampu iliyonse ankandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

Dokotala anali mayi wamfupi wa maso otopa. Anatsegula fayilo, anawerenga, n'kuitseka.

"Mayi, malo anu tinapatsa munthu wina. Mukudziwa kuti pali anthu angati omwe akudikira tsiku ngati lomwe munakanalo?"

"Sindinakane ine, adokotala."

Dokotala anawayang'ana, anayang'ana ine, kenako anayang'ananso pafayilo pomwe panalembedwa nambala ya foni.

"Nambala iyi ndi ya ndani?"

"Ya bambo akunyumba."

Anapumira m'mwamba. Zinkaoneka kuti si koyamba kumva zotere. Anafufuta nambalayo ndi mzere umodzi n'kulemba yanga. Anawayeza, anawatenga magazi, anawatsuka chikhodzodzo kuti mibulu ituluke.

"Magazi anu achepa kwambiri. Chotupachi chikukudyani. Mndandanda wadzaza mpaka miyezi iwiri, koma nthawi zina wina amalephera kubwera. Zikatero ndikuimbirani. Chikwama chikhale chomangiratu, ngati cha mayi woyembekezera. Ndikaimba, musakafunse munthu. Mubwere."

Titabwerera tinapeza alamu ali pakhonde. Anafunsa komwe tinali. Achemwali anati tinakagula zipi. Aka kanali koyamba kuwamva akunamiza amuna awo, ndipo mtima wanga unakondwa.

Foni inalira Lachitatu la sabata ya ukwati, ndikusita nsalu za m'chipinda cha alendo. Dokotala anati munthu wina wadwala chifuwa, sangamugoneke tulo. Achemwali afike Lachinayi m'mawa, opaleshoni Lachisanu. Ukwati unali Loweruka. Ndinazimitsa simbi, ndinapempha abwana, n'kuthamanga.

Pakhomo panali ngati pamsika. Mipando yobwereka itaunjikidwa, amuna akukhoma tenti, amayi akutsuka miphika ikuluikulu. Achemwali ndinawapeza kuchipinda akusokerera mabatani omaliza pa diresi la mkwatibwi. Ndinawauza. Anamaliza batani lomwe anali nalo, analuma ulusi, n'kunena kuti, "Kandiitanire bambo."

Alamu analowa ndi azakhali kumbuyo kwawo. Mkwatibwi naye anabwera, tsitsi lili m'mapepala. Achemwali anafotokoza mwachidule, ali chikhalire.

"Ndiye munapita kuchipatala mondizemba?" alamu anatero.

"Eya."

"Mlamu, ntchito yanu iyi. Mwalowa m'nyumba mwanga ngati chiswe."

"Musiyeni mng'ono wanga. Mapazi anali anga."

"Mayi, masiku atatu okha! Mwapirira mwezi wonse, mulephere masiku atatu? Aimbireni, muwauze kuti Lolemba."

"Lolemba kulibe malo. Kuli miyezi iwiri."

"Miyezi iwiri si zaka. Mulungu amene wakusungani mpaka lero..."

"Musamulowetsemo Mulungu, bambo. Sanayankhe foni ndi iye."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Koma abale! Mayi wamtundu wanji wothawa ukwati wa mwana wake? Tidzawauza chiyani asebele? Inu alamu, mukudzikonda."

Alamu anaima pakhomo, manja atagwira mafelemu mbali zonse, mawu atatsika ngati pomwe akutseka msonkhano.

"Ndikunena monga mwamuna wanu. Mukatuluka pakhomo pano mawa, mwandivula pagulu."

Achemwali anawayang'ana kuchokera kukolala mpaka kunsapato.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukuvekani, bambo. Malaya mwavalawo ndinasoka ndine. Suti ya Loweruka ili apo, ndasita. Muvale nokha."

"Amayi," mkwatibwi anayamba kulira, "nanga pa chithunzi ndidzaima ndi ndani?"

"Udzaima ndi azakhali ako. Diresi langa liwakwana akalimasula m'mbali." Anatenga diresi la ukwati n'kuliika m'manja mwa mwana wawo. "Latha. Batani lachitatu ndi lothina pang'ono, usalikoke."

M'mawa mwake palibe amene anatinyamulira chikwama. Alamu anali atapita kale kukaona za magalimoto. Tikudutsa pabwalo ndinamva azakhali akuuza amayi a miphika kuti, "Akungokayezetsa bipi, abwera masana." Amayiwo anatiyang'ana, anayang'ana chikwama ndi beseni lomwe ndinasenza.

Kuchipatala anati pakufunika magazi. Ndinapereka anga. Lachisanu m'mawa anawakankha pabedi la matayala, atavala chovala chotseguka kumsana. Pakhomo la chipinda cha opaleshoni anandigwira chala.

"Ndikapanda kudzuka, usakachite phokoso pamaliro."

"Ndikachita. Ndiye dzukani."

Ndinakhala pabenchi maola asanu. Foni yanga inalira kamodzi. Anali alamu, akufunsa komwe achemwali anaika tayi yofiira.

Dokotala anatuluka dzuwa litapendeka, chipewa chili m'manja.

"Impso tachotsa. Adzuka. Koma chotupa chinali chitayamba kulowa mu mtsempha, ndipo tapeza anabere awiri otupa pambali pake. Tawachotsa, tatumiza kokayeza. Pa chithunzi chomwe tinawajambula poyamba sizinkaoneka choncho."

"Ndiye ndi chifukwa cha mwezi tachedwa uja?"

"Sindinganene motsimikiza. Mwina zinalipo kale, zosaoneka. Koma mwezi umenewo sunatithandize. Zotsatira zikabwera tidziwa ngati pakufunika mankhwala ena. Pakadali pano asamalireni."

Loweruka ndinakhala ndikuwanyowetsa milomo ndi thonje. Ankadzuka, kufunsa nthawi, n'kugonanso. Pa nthawi ina anati, "Pano akulowa m'tchalitchi," n'kutembenukira kukhoma. Aneba athu anandiuza pambuyo pake kuti ukwati unakoma. Alamu analankhula ola lathunthu. Anauza anthu kuti mayi wa mkwatibwi bipi yawakwera chifukwa cha chimwemwe, anthu n'kuseka, n'kuomba m'manja. Azakhali anavaladi diresi la achemwali lija.

Chomwe alamu sanachiganizire n'chakuti mayi wa mkwati ndi munthu wodziwa ulemu. Mayiyu amagulitsa matabwa, ndi wamtali, wa manja ngati a mwamuna. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anaumirira kuti sangabwerere kwawo asanawaone asebele ake a bipi. Alamu anayesa kuzemba, akuti odwala akufunika kupuma. Mayiyo anakwera galimoto n'kunena kuti amene akufuna atsatire.

Choncho nthawi yoona odwala itakwana, m'wodi munalowa gulu: mayi wa mkwati patsogolo, akwati awiri, azakhali, akuluakulu atatu a mpingo, ndi alamu pambuyo atavala suti, atanyamula keke m'kabokosi.

Mayi wa mkwati anaima kumapazi kwa bedi. Anaona dilipi. Anaona paipi yotuluka m'nthiti, bandeji yaikulu, ndi thumba la mkodzo lolendewera m'mbali mwa bedi.

"Asebele, bipi yake ndi imeneyi?"

Alamu anatsokomola kuti ayambe. Achemwali anawatsogolera. Mawu anali ofooka koma anamveka mpaka bedi lachitatu.

"Ndi khansa, asebele. Ya impso. Andichotsa dzana."

"Khansa! Mwadziwa liti?"

"Miyezi iwiri yapitayo. Akanandichotsa mwezi watha, koma kunyumba anaona kuti zisokoneza ukwati. Ankaopa kuti inu mukamva mubweza mwana wanu."

Ngakhale mayi wa bedi loyandikana anasiya kutafuna. Mayi wa mkwati anatembenuka pang'onopang'ono mpaka anayang'anizana ndi alamu.

"Ife? Munationa ngati zinyama, bambo? Tsiku la ukwati munalikhomera ndi misomali? Mukanangotuma mwana ndi kakalata, tikanasuntha. Ine dzulo ndavina, ndadya, ndaseka nthabwala yanu ya bipi, mnzanga ali pano ndi bala lotere? Mwandidyetsa manyazi omwe sindinawaphike." Anayang'ana mkwatibwi. "Iwe unkadziwa?"

Mkwatibwi anaweramitsa mutu. Mwamuna wake, yemwe anali atamugwira dzanja, anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali, kenako analowetsa dzanja lake m'thumba. Mtsikanayo anagwada pambali pa bedi, nkhope n'kuiika pamatiresi, n'kuyamba kusisima.

"Amayi, ndikhululukireni. Amayi."

"Lira pang'onopang'ono," achemwali anatero. "Ukugwedeza bedi, bala likupweteka."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Alamu anaona akuluakulu a mpingo akuyang'ana pansi, ndipo anachita chomwe amadziwa. Anaika keke pakabati, anakonza tayi, anapinda manja pamimba.

"Abale ndi alongo, tisaweruzane pa nthawi yovuta ngati ino. Banja lathu ladutsa m'chigwa. Ine monga mutu wa banja ndasenza mtolo umenewu mwakachetechete, osafuna kulemetsa wina aliyense. Mulungu ndi mboni, ndakhala pambali pa mayiwa usana ndi usiku, kuwasamalira ndi manja angawa..."

Namwino wamkulu wa m'wodimo anali atawerama pambali pa bedi nthawi yonseyi, akukhuthulira thumba la mkodzo mu jagi yoyezera. Masiku atatu onsewo anali akundiona ine ndekha. Anadzuka, anawerenga mizere ya pa jagi, analemba pakhadi, n'kutembenukira kwa alamu.

"Ndinu amuna awo? Mwachita bwino kubwera, guardian wawoyu sanapume." Anatero akuloza ine, kenako anawapatsira jagi ija m'manja. "Poti mwazolowera, katayeni. Mukaitsuke, mubwere nayo."

Alamu anailandira chifukwa panalibe pothawira. Inali yodzaza, yofunda, yofiirira. Anaigwira ndi nsonga za zala kutali ndi suti, nkhope itakwinyika. Anayenda kupita kumanja, n'kupeza kuti ndi khomo la ofesi. Anabwerera. Anapita kumanzere, mkodzo ukukhavukira pa nsapato zopolishidwa. Anaima pakati pa wodi akuzungulirazungulira, odwala onse ndi owadikirira akuwayang'ana.

"Kodi... amatayira kuti?"

Pomaliza gogo wina wa pabedi la pakhomo anawalozera ndi ndodo.

Mayi wa mkwati anakhala pampando wanga, anatenga thonje n'kuyamba kuwanyowetsa milomo achemwali ngati anazolowera kale. Akuluakulu a mpingo anapemphera mwachidule n'kutuluka. Azakhali anali atazimiririka kalekale. Belu litalira, onse anapita, mkwatibwi akuyenda yekha kumbuyo.

Achemwali anandikodola. Ndinaweramira pafupi.

"Tseka katani."

Ndinatseka.

"Mawa upite kunyumba. Ukanditengere zovala."

"Zoti mudzavale potuluka?"

"Zonse. Kwanu kuja chipinda chaching'ono chija chikadali chopanda munthu?"

"Muli makatoni okha."

"Ukawachotse."

Kunja kwa katani kunamveka nsapato zikuyandikira, kenako mawu a alamu, otsika, aulemu, akufunsa ngati angalowe ndi jagi.

"Auze aisiye pansi pomwepo," achemwali anatero, n'kutseka maso.